Mapira Ofika M'chiuno

Malota, Livingstone
12 Sepitembala 1993

Achimwene a Jethro,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino kumudzi ku Katete, inu ndi alamu anga a Tikambenji pamodzi ndi ana. Amayi mundiperekere moni wapadera, ndipo mundiuze ngati bondo lija lasiya kuwavuta. Ife kuno tilipo, kupuma tikupuma.

Musadzidzimuke, sindikupempha ndalama. Ndikupempha mbewu.

Mukudziwa kuti nyumba yathu imadya za mumtsinje. Bambo a ana, a Mubita, amapha nsomba mu Zambezi kumtunda kwa Simonga, kumudzi kwa amayi awo, ine n'kumaziwamba ndi kuzigulitsa pamsika wa Maramba. Chichitikireni chilala cha chaka chatha, madzi sanabwererenso pamalo pake. Kale mwezi wa Epulo utsi wa mathithi tinkauona titaima pakhomo pathu, koma chaka chino tinachita kuufunafuna. Nsomba zathawira m'maiwe akuya a pakati pa zisumbu, ng'ona nazo zatsatira konko. Kumeneko ndi kumene a Mubita akuponya ukonde masiku ano. Mnzawo wina, a Simataa, anapita kumeneko mu Juni. Bwato linapezeka, mwini wake ayi.

Achimwene, ine ndikufuna mwamuna wanga atuluke m'madzi. Ndikanena amandiyankha m'chinyanja chawo cha kuno: "Nichoke mu manzi, bana bazadya chani? Myala?"

Apongozi anga ali ndi munda ku Simonga, koma maso awo akutha, ndiye andipatsa kuti ndizilima. Dothi lake ndi mchenga, ndipo akuti ndibzalemo mapira. Nditumizireni mapira, ngakhale kachitini kamodzi. Mapira, achimwene, osati china. Chifukwa chake ndidzakuuzani tikadzaonana.

Ndine mlongo wanu,
Mervis

Katete
2 Novembala 1993

Mlongo wanga Mervis,

Kalata yako ndalandira. Tonse tili bwino, amayi bondo likadawawa koma akuyenda. Ndinawawerengera moni wako. Zija za ng'ona ndinadumpha, ukudziwa kuti mtima wawo suchedwa kuthamanga.

Ndaseka, mlongo wanga. Mapira? Ndikudziwa iwe, kuyambira uli mwana unkapempha fupa pamene ukufuna mnofu. Waona kuti mbewu ya chimanga yakwera mtengo, ndiye wachita manyazi kupempha. Ndi ine usamachite manyazi. Chaka chino andisankhanso kukhala wapampando wa kalabu ya alimi, ndipo mlongo wa wapampando sangabzale chakudya cha mbalame. Mapira ndi ulimi wa kale. Ngakhale amayi ndimakangana nawo chaka ndi chaka chifukwa cha timapira tawo ta pachulu, timene timandinyazitsa alangizi akabwera kudzaona munda.

Ndakutumizira chimanga cha haibulidi, makilo asanu, kudzera kwa kondakitala wa basi. Ndi chofiira chifukwa cha mankhwala, ana asakazinge. Ubzale mbewu imodzi paphando, mizere yowongoka ndi chingwe. Alamu anga a Mubita akaona zisononkho zake, ukonde adzauponya okha pamoto.

Ndine mlongo wako,
Jethro Mbewe

Malota, Livingstone
9 Epulo 1994

Achimwene,

Moni kwa nonse. Zikomo chifukwa cha chimanga. Ndinachita zonse monga munanenera, chingwe chomwe. Chinamera bwino moti anthu a ku Simonga ankaima m'njira kuchiyang'ana. Chitayamba kumasula, mvula inadula. Masabata asanu kumwamba kuli mbee, mitambo n'kumadutsa kupita ku Zimbabwe ngati ife tinaitukwana. Ndakolola madengu awiri a tizisononkho tonga chala.

Inu ndinu mlimi, sindikukana. Koma mvula yanu si yathu. Kwanu imagwa miyezi isanu, kuno masiku ano ikagwa miyezi iwiri ndi theka timati Mulungu watikumbukira.

Sindinachite manyazi, achimwene. Ndinapempha chimene ndinkafuna. Apongozi akundifunsa funso limene sindingaliyankhe popanda mapira m'manja. A Mubita nawo alonjeza pamaso pa amayi awo kuti mapira akacha m'munda umenewu, iwo akoloweka ukonde. Munthu uyu salonjeza kawirikawiri. Chonde, mvula isanayambe.

Mervis

Katete
16 Okutobala 1994

Mervis,

Tili moyo. Mawu ako akuti mvula yanu si yathu andiwawa, koma ndakhululuka. Popeza waumirira, ndayenda pa njinga mpaka kumalire a Chadiza kwa mkulu wina wodziwika ndi mapira. Ake amatalika kupitirira denga la nyumba, ngala zake ngati mchira wa ng'ombe. Ndasankha ndekha ngala zazikuluzikulu, ndapuntha, zadzaza chitini. Ngati ndi mapira, awa ndiye mapira. Kwa apongozi ako sitingatumize zinthu zonyozeka.

Jethro

Malota, Livingstone
14 Meyi 1995

Achimwene,

Moni. Kalata iyi muwawerengere amayi yonse, osadumpha. Ndatopa kusenza ndekha.

Mapira anu anamera, anakula, anandipitirira msinkhu. Chimanga cha anzathu chitapserera mu Febuluwale, iwo anali obiriwirabe, ine mtima n'kukhala pansi. Ndinadikira ngala. Malichi anatha. Mvula inali itapita kalekale, mapira ali chiimire, kudikira mvula ya ku Chadiza imene kuno siifika. Anauma osabereka ngakhale ngala imodzi.

Asanaume, apongozi anandiuza kuti ndiwatsogolere kumunda. Ndinawagwira dzanja. Atafika anagwira phesi limodzi, n'kumakweza dzanja, kukweza, mpaka anaima ndi zala za kumapazi, nsonga osaipeza. Anatembenukira kumene kunali mawu anga.

"Mervis, iyi ni mbeu ya ndani?"

Ndinati, "Ndi yanu ija, amayi. Yangokula chifukwa cha dothi la kwathu."

Anati, "Yanga imafika mu chiuno. Myezi itatu, yapsa. Mwana wanga, mbeu yanga unaipeleka kuti?"

A Mubita anali pomwepo, khasu lili paphewa.

Tsopano imvani chimene ndinakubisirani. Nditakwatiwa mu 1983, apongozi anandipatsa mtolo wa ngala za mapira, zakuda bii ndi mwaye chifukwa ankazipachika pamwamba pa moto. Kwawo kwa amayi amenewa mkazi wa mwana akalowa m'banja amapatsidwa mbewu, kuti mbewuyo isagone m'nyumba imodzi. Anandiuza kuti ndizibzala ngakhale mizere iwiri kuseri kwa nyumba chaka chilichonse. Ine ndinali mtsikana wa m'tauni, ufa tikugula m'sitolo motchipa, a Mubita akubwera ndi nsomba zodzaza bwato. Ndinalandira ndi manja awiri, kumbali ndikuseka. Ngala zina ndinaponyera nkhuku. Zotsala ndinaika m'dengu chaka chotsatira, kuti nkhuku imene ndinabweretsera amayi kumudziko izidya m'njira. Mbewu ya apongozi inathera pamenepo.

Mu 1992 njovu zanjala zinatuluka m'nkhalango n'kudya munda wonse wa apongozi, n'kugwetsanso kakhitchini kamene munali ngala zawo zambewu. Anzawo onse anali atasiya kale mapira nthawi ija ya feteleza wotchipa. Koma iwo sanalire. Anati palibe kanthu, mbewu ili kwa Mervis. Ine, ndi pakamwa pangapa, ndinati ili ku Katete, amayi akundisungira. Ndinkaganiza kuti mapira ndi mapira, ndidzabweretsa aliwonse, nkhalamba yosaona idzadziwa bwanji? Mwana wa chimanga ine, sindinkadziwa kuti mapira ali ndi mitundu ngati anthu.

Ndinaulula zonse m'mundamo, nditagwada pamchenga wotentha. Apongozi sanandikalipire. Anangoti ndiwaperekeze kunyumba, ndipo njira yonse dzanja lawo linali m'dzanja langa. Bola akananditukwana.

A Mubita anatsitsa khasu, n'kuliimika pamtengo. Anati, "Zaka zibili nalimila boza." Mawa lake anabwerera kumtsinje. Akuti za munda asadzazimvenso, pokhapokha ataona mbewu ya amayi awo ndi maso, ndipo tonse tikudziwa kuti mbewuyo inadyedwa ndi nkhuku.

Ndafunsa ku Mukuni, ndafunsa ku Kazungula. Mapira aafupi ena alipo, a m'mapaketi, koma a Mubita sakufuna n'kuwaona komwe. Sindikudziwa chimene ndikupempha m'kalata ino. Mwina ndikungofuna amayi adziwe mwana amene anabala.

Mervis

Malota, Livingstone
20 Ogasiti 1995

Achimwene,

Miyezi itatu yatha. Kodi kalata yanga inafika? Kapena amayi akwiya moti sakufuna kumva dzina langa? Ngati ndi choncho ndiuzeni, ndizidziwa.

Mtsinje waphwa kuposa zaka zonse. Mbali yathu ya mathithi yasanduka khoma la miyala, alendo akungojambula thanthwe. A Mubita tsopano amatsika m'bwato n'kulowa m'madzi ofika m'chifuwa kukakola ukonde pamiyala, chifukwa bwato silidutsa. Ino ndi nthawi yososa m'munda, koma khasu lawo likadali pamtengo paja.

Mervis

Katete
22 Okutobala 1995

Alamu anga a Mervis,

Ndine Tikambenji. Mundikhululukire zolemba zanga, sukulu ndinalekeza panjira. Tonse tili bwino.

Dzana ndikuchapa jekete la achimwene anu ndinapeza makalata anu awiri m'thumba la m'kati, opindidwa mpaka kuthetheka. Amayi sanawamvepo. Miyezi yonseyi akhala akufunsa kuti Mervis wangoti zii bwanji, bambo n'kumati positi yavuta. Nditawafunsa, anati nkhaniyo ndi yochititsa manyazi banja, ndiponso sanafune kuti anthu amve kuti mbewu yosankha wapampando yakanika kawiri.

Ine sindinapemphe chilolezo. Ndinapita kwa amayi n'kuwawerengera zonse, za ng'ona zomwe. Nditafika pa nkhuku ya m'dengu anandigwira mkono. Anati, "Bwereza." Ndinabwereza. Anadzuka ndi bondo lawo lija, kulowa m'khitchini, kuloza kudenga.

Alamu, timapira ta pachulu tija, timene bambo amakangana nato chaka ndi chaka, ndi mbewu ya apongozi anu. Amayi akuti mutafika ndi nkhuku ija anapeza ngala ziwiri zatsala m'dengu. Ataona mwaye anadziwa kuti izi si chakudya cha nkhuku, pali mayi wina amene anazisunga. Anabzala pachulu, ndipo kuyambira pamenepo sanadumphitse chaka. Amafika m'chiuno, amacha miyezi itatu. Chaka cha njala chija, cha chimanga chachikasu, phala la ana anga linachokera pachulu pamenepo. Ife timangoti mapira a m'dengu, osafunsa kuti dengu lake liti.

Amayi analira, kenaka anakwiya. Anaitana achimwene anu n'kuwauza pamaso pa ana kuti, "Mlongo wako wapempha zaka ziwiri chinthu chimene chili pamutu pako, iwe n'kupalasa njinga mpaka ku Chadiza."

Tatsitsa ngala zonse kudenga, tasiya zisanu zokha. Sitinapunthe, kuti apongozi anu azigwire ndi manja. Zikubwera ndi a Lombe, mayi wa mtedza amene amapita kumeneko mwezi ndi mwezi. Amayi akuti muwauze anzawowo kuti kupatsa n'kuika. Akutinso inu munanama, koma iwo anasunga, ndiye bodzalo ligawidwe pakati.

Auzeni alamu a Mubita atuluke m'madzi msanga.

Ndine mlamu wanu,
Tikambenji

Pansipa alemba ndi bambo.

Mervis, ndinkawaona tsiku ndi tsiku. Ngakhale nditawerenga za dengu, mutu wanga unali pa manyazi anga, sindinaganize za pachulu. Safunsa anadya phula. Jethro.

Livingstone
5 Novembala 1995

Alamu a Tikambenji,

Katundu wafika Lolemba. Ndikulemba nditakhala pabenchi kuchipatala.

Pa 17 Okutobala, dzuwa lili paliwombo, a Mubita anatsika m'bwato kukakola ukonde. Ng'ona inawagwira mwendo wamanzere. Anzawo awiri anaimenya ndi nkhafi mpaka inataya, n'kuwanyamula kufika kumsewu. Moyo wapulumuka. Mwendo madokotala audula pamwamba pa bondo.

Werengani masiku, alamu. Kalata yanu munalemba patapita masiku asanu. Ine ndawerenga mpaka mutu kuwawa. Ngala zimenezi zikanafika mu Juni, tsiku limenelo munthuyu akanakhala akusosa ku Simonga. Kenaka ndimakumbuka kuti zikanakhala kuseri kwa nyumba yanga zaka khumi ndi ziwiri, sipakanafunika kalata. Ndiye ndikwiyire yani? Ndikayamba ndi achimwene, ndimathera kwa ine ndemwe.

Ndinapita nazo ngala ziwiri kuwodi. A Mubita anazinunkhiza nthawi yaitali, n'kutembenukira kukhoma. Atatembenukanso anati, "Peleka kuli bamai. Mvula ili pafupi."

Apongozi ndinawaikira ngala imodzi m'manja. Anaipapasa kuyambira kumunsi mpaka kunsonga, anathothola kambewu kamodzi n'kukaluma. Anayamba kulankhula Chilozi mofulumira moti sindinamve zonse, koma sankalankhula ndi ine, ankalankhula ndi mapirawo. Kenaka anandifunsa dzina la amayi, n'kulibwereza katatu kuti asaliiwale.

Amayi muwauze kuti ndagwada. Achimwene musawauze kanthu, mawu owauza sindinawapeze.

Mervis

Simonga
24 Malichi 1996

Achimwene a Jethro,

Moni kwa inu, kwa alamu, kwa amayi ndi ana. Makalata anu atatu ndinalandira. Sindinayankhe chifukwa ndinkafuna ndiyambe ndaona chimene chidzatuluke m'munda, kuti ndidziwe polankhula nanu.

Onani pamwamba, keyala yasintha. Nyumba ya ku Malota tinaisiya mu Disembala, tili kuno kwa apongozi. Tebulo langa la kumsika ndinapatsa mnzanga.

Tinabzala pa 28 Novembala. Apongozi anakhala pamphasa m'mphepete mwa munda n'kumandilamula ngati kapitawo: osakwirira kwambiri, osathithikana, chingwe chako taya uko. Mapira anafika m'chiuno n'kuima. Sabata yachisanu ndi chitatu ngala zinatuluka. Ndinaima pakati pa munda ndikulira ngati pamaliro, anthu odutsa n'kumaganiza kuti kwagwanso zina.

Mulungu naye ali ndi nthabwala zake. Chaka chino mvula yagwa yokwana, chimanga cha anzathu chabereka, ndipo ena akundiseka kuti ndinavutikira chakudya cha mbalame. Pa zaka zisanu zapitazi, zitatu mvula inatithawa, ndipo sindikhulupirira kuti yalapa. Amayi anayi abwera kale mwakachetechete kudzapempha mbewu. Apongozi akuti aliyense apatsidwe ngala zitatu, koma ayambe walonjeza kuti adzapatsako nyumba ina.

Za mbalame munanena zoona. Munda wa mapira uli umodzi m'mudzi monse, ndiye mpheta zonse za mu Zambezi zimadya kwa ife. Pamafunika munthu wokhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, osachokapo. Anzawo a kumtsinje anamangira a Mubita nsanja yaifupi pakati pa munda. Amakhala pamenepo, ndodo zawo zili pambali, atagwira zingwe zopita kumakona onse zomangirira zitini. Amakoka ngati akukoka ukonde, n'kumazitukwana mbalame m'zilankhulo zitatu. Masiku ena amaseka. Masiku ena ndimawapeza akuyang'ana kumene kuli mtsinje, zingwe zili lende, mbalame zikudya. Pamenepo ndimangotola chingwe chimodzi.

Takolola theka, ndipo nkhokwe yaing'ono yadzaza. Ngala khumi ndapachika pamwamba pa moto, zina khumi a Lombe abwera nazo kwa amayi. Inu, achimwene, ndikupemphani chinthu chimodzi, ndipo ulendo uno musandisankhire china. Amayi bondo silidzawalola kukwera pachulu chaka chamawa. Mukwerepo ndinu. Alangizi akabwera, muwaonetse.

Mlandu wa makalata aja sindikusungirani. Ndikati ndiusunge, ndiyenera kusunganso wanga, ndipo m'nyumba muno malo achepa.

Ngala zabwino kwambiri, zimene tasiya kuti zikhwimitsitse zikhale mbewu, zili pakona ya kum'mawa. Sabata yatha mbalame zinazipeza. A Mubita anandituma kunyumba kukatenga ukonde wawo, uja anali nawo tsiku la ng'ona. Anausoka pamene unang'ambika, ndipo tinaufunditsa pamwamba pa ngalazo. Ukadali pomwepo, ukununkhabe nsomba.

Zaka zitatu ndinapempha Mulungu kuti mwamuna wanga atuluke m'madzi, ndipo watuluka. Madzulo ndikamawathandiza kutsika pansanja, dzanja lawo lili paphewa langa, ndimakumbuka kuti sindinanene kuti atuluke yense.

Ndine mlongo wanu,
Mervis